Kugawana uthenga wa majini pakati pa mayiko: zimayenda bwanji, nanga mkangano wagona pati?

Pa 20 Meyi 2025, nthumwi za mayiko zimene zinasonkhana ku Geneva pa msonkhano waukulu wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, zinavomereza pangano lokonzekera miliri ya m'tsogolo. Zokambirana zake zinadya zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Koma panali chinthu chimene chinasokoneza ambiri omva nkhaniyi: nthumwi zomwezo zinagwirizana kuti panganoli lisayambe kusainidwa mpaka gawo limodzi lotsala litamalizidwa. Gawolo likunena za kugawana tizilombo toyambitsa matenda pamodzi ndi uthenga wa majini a tizilomboto, komanso za amene adzalandire katemera ndi mankhwala opangidwa kuchokera mu uthengawo.

Wina angadabwe kuti nkhani ya m'labotale yafika bwanji pomangitsa pangano la dziko lonse. Gwero lake ndi ili: uthenga wa majini umawoloka nyanja m'kanthawi kochepa, pomwe phindu lochokera mu uthengawo limabwerera mochedwa, ndipo nthawi zina silifika n'komwe kwa amene anaupereka. Kuti zimveke, tiyambe ndi chinthu chenichenicho chimene amagawana.

Chimene amagawanacho n'chiyani?

Thupi la munthu, la nyama, ngakhale la mtengo, linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa maselo muli DNA, kachingwe kakatali kopyapyala kamene kamasunga malangizo a mmene chamoyocho chikulire ndi kugwirira ntchito. Malangizowa analembedwa ndi timagawo ta mitundu inayi yokha, timene akatswiri amatiimira ndi zilembo A, C, G ndi T. Kachigawo ka DNA kamene kali ndi langizo limodzi, mwachitsanzo la kapangidwe ka chinthu chofiiritsa magazi, ndi kamene kamatchedwa jini, ndipo akachuluka ndi majini. Mawuwa si majini aja a mizimu ayi. Awa ndi malangizo a chibadwa amene mwana amatengera kwa makolo ake. Malangizo onse a chamoyo chimodzi akaikidwa pamodzi amatchedwa jinomu.

Jinomu ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, ndipo majini opangira mapuloteni, tinthu timene timamanga thupi ndi kuyendetsa ntchito zake, alimo pafupifupi 20,000. Ya kachilombo koyambitsa Covid-19 ndi yaifupi kwambiri, zilembo pafupifupi 30,000 basi, zolembedwa pa RNA, mbale wake wa DNA. Kuwerenga zilembozi chimodzichimodzi motsatana ndi ntchito imene akatswiri amaitcha sequencing. Makina akamaliza kuwerenga, chimene chimatuluka ndi fayilo ya pakompyuta yodzaza zilembo. Ya kachilombo ka Covid-19 ndi yaing'ono kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni.

Kale, wofuna kufufuza kachilombo ka m'dziko lina ankadikira kuti amutumizire kachilombo kenikeniko, m'kabotolo kozizidwa, kodutsa pa zilolezo ndi pa malire. Masiku ano ntchito zambiri zimatheka ndi zilembo zokha. Labotale imene ili ndi zilembozo ikhoza kukonza njira yoyezera matenda, kapena kulemba pulani ya katemera, isanaoneko kachilomboko ndi maso.

Pali chinanso chimene chimapatsa zilembozi mphamvu. Kachilombo kakamaswana, kamakopera malangizo ake, ndipo apa ndi apo kamalakwitsa chilembo. Cholakwikacho chimapita kwa ana ake onse. Zili ngati kalata imene anthu akukoperana pamanja: wina akaphonya chilembo, onse okopera kwa iye amatenga cholakwika chomwecho, moti wosonkhanitsa makalatawo atha kudziwa kuti uyu anakopera kwa uje. Umu ndi mmene akatswiri amalondolera njira imene matenda adutsa. Koma kalata imodzi yokha singakuuze kanthu. Phindu limabwera poyerekeza zambiri zochokera kumadera osiyanasiyana, n'chifukwa chake palibe dziko limene lingagwire ntchitoyi palokha, ngakhale litalemera chotani.

Nkhokwe zosungiramo

Chizolowezi chogawana msanga chinayambira pa ntchito yaikulu yowerenga jinomu yonse ya munthu, imene inayamba mu 1990 n'kutha mu 2003. Mu 1996 atsogoleri a ntchitoyi anakumana pachilumba cha Bermuda n'kugwirizana kuti zilembo zilizonse zowerengedwa ziziikidwa poyera pasanathe maola 24, popanda kudikira kuti wofufuzayo alembe kaye lipoti lake. Panthawiyo chinali chinthu chachilendo, chifukwa wasayansi ankasunga zimene wapeza mpaka dzina lake litatuluka m'magazini ya akatswiri.

Nkhokwe zikuluzikulu zotsegukira aliyense zilipo zitatu: GenBank ku America, European Nucleotide Archive ku Hinxton pafupi ndi Cambridge ku Britain, ndi DDBJ ku Mishima m'dziko la Japan. Zitatuzi zimasinthana zimene zalandira tsiku ndi tsiku, moti chimene chaikidwa ku Japan lero chimapezekanso ku America. Aliyense amene ali ndi intaneti angatengemo zimene akufuna, kwaulere, osafunsidwa dzina.

Nkhokwe ya GISAID, imene inayamba mu 2008, imayenda mosiyana. Wofuna kuonamo amayenera kulembetsa dzina lake lenileni ndi kulonjeza kuti adzatchula amene anapereka zilembozo, adzayesetsa kugwira nawo ntchito limodzi, ndipo sadzazigawira anthu ena osalembetsa. Ofufuza ambiri a m'mayiko osauka anaikonda chifukwa cha malamulo amenewa, ndipo pa nthawi ya Covid-19 inalandira majinomu a kachilomboka opitirira 15 miliyoni. Ena amaidandaula kuti malamulowo amachedwetsa kafukufuku ndiponso kuti kayendetsedwe kake sikaonekera mokwanira.

Uthenga wa majini a anthu uli ndi khomo lachitatu, lokhoma kwambiri. Wofufuza amalemba kalata yopempha, kufotokoza zimene akufuna kuchita, ndipo komiti imaona ngati zikugwirizana ndi zimene anthu opereka magazi awo analoleza.

Zimene zinachitika mu Januwale 2020

Kumayambiriro kwa Januwale 2020, gulu la wasayansi Zhang Yongzhen ku Shanghai m'dziko la China linamaliza kuwerenga jinomu ya kachilombo katsopano, kaja koyambitsa Covid-19, kochokera mwa wodwala wa ku Wuhan. Pa 11 Januwale m'mawa, Zhang ali m'ndege yotsala pang'ono kunyamuka kupita ku Beijing, mnzake Edward Holmes wa ku yunivesite ya Sydney anamuimbira foni kumupempha kuti alole zilembozo ziikidwe poyera. Zhang analola. Fayilo inatumizidwa ku Australia, ndipo Holmes anaiika pa intaneti tsiku lomwelo.

Zotsatira zake zinabwera mwachangu chimene sichinaonekepo. Masiku owerengeka okha, gulu la Christian Drosten pachipatala cha Charité ku Berlin linali litatulutsa njira yoyezera kachilomboka, ndipo WHO inaifalitsa kuti ma labotale a padziko lonse aigwiritse ntchito. Pofika pa 13 Januwale, kampani ya Moderna pamodzi ndi akatswiri a boma la America inali itamaliza kulemba pulani ya katemera wake. Munthu woyamba anabayidwa katemerayo pomuyesa pa 16 Marichi ku Seattle. Pa 8 Disembala chaka chomwecho, Britain inayamba kubaya anthu katemera wa Pfizer ndi BioNTech. Chaka chisanathe chichokereni pa foni ija ya m'ndege.

Si Covid-19 yokha. Mu Febuluwale 2022, mwana wina wa ku Lilongwe atapezeka ndi poliyo wa mtundu wachilengedwe, zilembo za kachilomboko zinayerekezedwa ndi zimene ma labotale a poliyo padziko lonse anasonkhanitsa, ndipo zinafanana ndi za kachilombo kamene kankazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Zimenezi zinasonyeza kuti matendawa anachita kubwera, osati kuti anali atabisala mu Africa, imene inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wa mtunduwu mu 2020. Pa malungo, ofufuza a ku Cambodia ndi anzawo analengeza mu 2014 kuti kusintha kwa jini yotchedwa kelch13 ndi chizindikiro chakuti tizilombo ta malungo tayamba kusamva mankhwala a artemisinin. Chizindikirocho chitadziwika, ena anayamba kuchifunafuna kwawo, ndipo chinapezeka ku Rwanda mu 2020 ndi ku Uganda mu 2021. Chimene chinatulukiridwa ku Asia chinakhala diso la Africa.

Pamene wopereka watuluka chimanjamanja

Mpaka pano nkhaniyi ikuoneka ngati ya phindu lokhalokha. Kuti timvetse chifukwa chake mayiko ena amazengereza, tiyenera kubwerera ku Indonesia.

Kuyambira 1952, WHO yakhala ikuyendetsa mgwirizano wa ma labotale amene amatumizirana tizilombo ta fuluwenza, kuti chaka ndi chaka asankhe mitundu yoika mu katemera. Pofika 2007, Indonesia ndiyo inali itataya anthu ambiri kuposa dziko lina lililonse chifukwa cha chimfine cha mbalame cha H5N1. Inkatumiza tizilombo tochokera mwa odwala ake kwaulere. Kenako inamva kuti kampani ina ya ku Australia yapanga katemera pogwiritsa ntchito kachilombo ka ku Indonesia komweko. Nduna ya zaumoyo, Siti Fadilah Supari, inaimitsa kutumiza. Mfundo yake inali yakuti dziko losauka likupereka chinthu chaulere, kenako n'kudzagula pa mtengo wokwera chimene chapangidwa kuchokera m'magazi a anthu ake, mwinanso kuchisowa kumene chifukwa olemera agula chonse. Omutsutsa ankati kubisa kachilombo koopsa chotere n'kuika dziko lonse pachiswe, Indonesia yomweyo ili m'gulu.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, ndipo zokambirana zinatenga zaka zinayi. Mu 2011 mayiko anagwirizana dongosolo lotchedwa PIP: mayiko azitumiza tizilombo ta fuluwenza tokhoza kuyambitsa mliri, ndipo makampani opindula azisonkha madola 28 miliyoni chaka chilichonse ndi kulonjeza kupereka gawo la katemera kapena mankhwala kudzera ku WHO mliri ukagwa. Dongosololi linamangirira kugawana ndi kupindula pa chingwe chimodzi. Koma likukhudza fuluwenza yokha, ndiponso linalembedwa poganizira kabotolo ka kachilombo. Nanga kampani ikangotenga zilembo pa intaneti, osalandira kabotolo kalikonse, ili ndi ngongole kwa yani? Funso limeneli linasiyidwa m'malere.

Funso lomweli linabukanso pa pangano la Nagoya, lovomerezedwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2014, limene limati dziko lili ndi ufulu pa zamoyo za m'dziko mwake ndipo wozigwiritsa ntchito agawane nalo phindu. Mu 2024 ku Cali m'dziko la Colombia, mayiko anakhazikitsa thumba la ndalama loti makampani akuluakulu opindula ndi zilembo za majini a zomera, nyama ndi tizilombo aziikamo kangachepe.

Chilonda chatsopano ndi cha Novembala 2021. Ku Gaborone m'dziko la Botswana, wasayansi Sikhulile Moyo ndi anzake anaona majinomu angapo a Covid-19 ooneka achilendo kwambiri. Ku South Africa, ma labotale ogwira ntchito ndi Tulio de Oliveira anaona zofanana. Kachilomboka kanali kasintha m'malo opitirira 30 pa timinga take timene kamalowera nato m'maselo, timene katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira. Sanabise. Anaika zilembozo mu GISAID, South Africa inadziwitsa WHO pa 24 Novembala, ndipo pa 26 mtunduwu unapatsidwa dzina lakuti Omicron. M'masiku omwewo mayiko ambiri analetsa ndege ndi apaulendo ochokera kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo mayiko amene panthawiyo anali asanapeze wodwala Omicron ndi mmodzi yemwe. Kenako zinadziwika kuti ku Netherlands mtunduwu unalipo kale mwa anthu oyezedwa pa 19 ndi 23 Novembala, South Africa isanalengeze. Ndipo nthawi imeneyo anthu a mu Africa amene anali atamaliza kulandira katemera anali osakwana 10 pa 100 aliwonse.

Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Apa wotsina khutu ndi amene anatsekeredwa pakhomo. Boma lililonse limene linaona zimenezi linaphunzirapo kanthu, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti phunzirolo likhoza kukhala lakuti kukhala chete n'kotchipa kuposa kuchenjeza. Mayiko amene anatseka malire ankati ankafuna kupeza nthawi yokonzekera pa chinthu chimene sankachidziwa bwino, ndipo mantha awowo sanali onamizira. Koma mtengo wa chenjezolo unagwera amene anachenjeza.

Palinso mtengo umene wofufuza payekha amalipira. Ntchito yake, ndalama za kafukufuku ndi kukwezedwa pa udindo zimadalira malipoti amene watulutsa. Amene wathera miyezi kusonkhanitsa magazi m'dera la mliri, n'kuika zilembo poyera, akhoza kuona labotale ya kunja yokhala ndi makompyuta amphamvu ikutulutsa lipoti m'masabata awiri, dzina lake lili pansi penipeni kapena mulibe. Ndipo ntchito yosonkhanitsayo ndi yoika moyo pachiswe. Mu Ogasiti 2014 magazini ya Science inatulutsa majinomu 99 a Ebola ochokera mwa odwala 78 a ku Sierra Leone, amene anasonyeza kuti mliriwo unkafala kuchokera kwa munthu kupita kwa mnzake, osati kuchokera ku nyama mobwerezabwereza. Gululi linkaika zilembo poyera lisanalembe lipoti, kuti ena athandizidwe msanga. Lipotilo lisanatuluke, asanu mwa olemba ake anali atamwalira ndi Ebola, mmodzi wa iwo dokotala Sheik Humarr Khan wa pachipatala cha boma cha Kenema.

Majini a anthu: ndani ali m'nkhokwe, ndani mulibe

Anthu awiri alionse amafanana pa zilembo pafupifupi 999 pa 1,000 zilizonse. Kusiyana kotsalako, ngakhale kukuoneka kochepa, ndi zilembo mamiliyoni, ndipo zina mwa izo zimakhudza matenda amene munthu angadwale ndi mmene thupi lake limalandirira mankhwala. Kuti adziwe chilembo chimene chikugwirizana ndi matenda a shuga kapena a mtima, ofufuza amafunika kuyerekeza anthu masauzande mazanamazana. Pa matenda osowa, amene mwina dokotala amakumana nawo kamodzi pa moyo wake wonse, mwana wachiwiri wokhala ndi vuto lomwelo akhoza kukhala kutsidya kwa nyanja, ndipo popanda kugawana uthenga madokotala awiriwo sangadziwane.

Vuto n'lakuti nkhokwezi zinadzazidwa mokondera. Kuwerengera kwa mu 2016 kunapeza kuti pa anthu 100 alionse amene analowa m'kafukufuku wamkulu wa majini, pafupifupi 80 anali ochokera kwa makolo a ku Ulaya, ndipo ochokera kwa makolo a mu Africa anali pafupifupi 3. Chonsecho mu Africa ndi mmene muli kusiyana kwa majini kwakukulu kuposa kwina kulikonse, chifukwa mtundu wa anthu unayambira mmenemu ndipo amene anatuluka kupita kumayiko ena anatenga gawo chabe la kusiyanako. Mu 2020, ntchito ya H3Africa, yofufuza majini ndi umoyo wa anthu a mu Africa, itawerenga majinomu a anthu 426 okha a m'mayiko 13 a mu Africa, inapeza kusiyana kwa zilembo kopitirira 3 miliyoni kumene kunali kusanalembedwepo.

Kukondera kumeneku kumafika mpaka m'chipinda cha dokotala. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard ku America wa mu 2016 anasonyeza kuti anthu ena akuda a ku America anauzidwa kuti ali ndi majini oyambitsa matenda oopsa a mtima, pomwe kusiyana kwa zilemboko kunali kofala pakati pawo ndipo kunalibe vuto. Kunaoneka kwachilendo chifukwa choti anakuyerekeza ndi azungu okhaokha. Mankhwala a efavirenz, amene anthu mamiliyoni okhala ndi HIV amwapo, amachedwa kuchoka m'thupi mwa anthu amene ali ndi mtundu wina wa jini ya CYP2B6, ndipo mtunduwo ndi wofala kwambiri mwa anthu a mu Africa kuposa a ku Ulaya. Otere amavutika kwambiri ndi chizungulire ndi maloto oipa pa mlingo womwewo umene ena amamwa bwinobwino.

Ndipo phindu la kuphatikiza anthu onse silipita kwa iwo okha. Ku Dallas m'dziko la America, ofufuza Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen anapeza kuti anthu akuda a ku America pafupifupi 2 pa 100 alionse ali ndi jini ya PCSK9 yosagwira ntchito mokwanira, ndipo chifukwa cha zimenezo mafuta oipa m'magazi mwawo ndi ochepa ndipo sadwaladwala mtima. Zimenezi zinathandiza kutsegula njira ya mankhwala atsopano otsitsa mafutawo, amene anavomerezedwa mu 2015 ndipo amagwiritsidwa ntchito ndi anthu a mitundu yonse.

Chinsinsi ndi chilolezo

Jinomu ya kachilombo ilibe banja. Ya munthu ili nalo. Munthu akapereka magazi ake, waperekanso mbali ya uthenga wa makolo ake, abale ake ndi ana ake amene sanafunsidwe, ndipo mosiyana ndi nambala yachinsinsi ya kubanki, majini sungawasinthe akabedwa.

Kwa nthawi yaitali ankakhulupirira kuti kufufuta dzina pa fayilo n'kokwanira. Mu 2013 gulu la Yaniv Erlich ku America linasonyeza kuti si choncho. Linatenga majinomu opanda mayina oikidwa poyera, n'kuwayerekeza ndi nkhokwe za anthu ofufuza mibadwo ya makolo awo, kuphatikiza msinkhu ndi dera limene munthuyo ankakhala, ndipo linazindikira anthu pafupifupi 50. Mu 2023 akuba a pa intaneti anaona uthenga wa makasitomala pafupifupi 6.9 miliyoni a kampani ya 23andMe, yoyeza majini a anthu wamba.

Funso lina n'lakuti munthu analoleza chiyani kwenikweni. A mtundu wa Havasupai, amene amakhala m'chigwa cha Grand Canyon ku America, anayamba kupereka magazi mu 1990 kwa ofufuza a ku Arizona State University pokhulupirira kuti akufufuza matenda a shuga amene ankawavutitsa. Patapita zaka anazindikira kuti magaziwo anagwiritsidwanso ntchito pofufuza matenda a maganizo, kukwatirana pachibale, ndi kumene mtundu wawo unachokera, zinthu zimene zinkatsutsana ndi mbiri imene iwo amakhulupirira. Mlandu unatha mu 2010, yunivesiteyo italipira madola 700,000 ndi kubweza magazi otsala. Ku South Africa, a mtundu wa San, amene majini awo afufuzidwa kambirimbiri, analemba mu 2017 malamulo awoawo oti wofufuza aliyense atsatire asanawayandikire.

Mayiko ayankha poika malamulo okhwima. Mayiko a mu European Union ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR kuyambira 2018, South Africa ili ndi la POPIA, ndipo China inakhwimitsa mu 2019 malamulo otulutsira kunja magazi ndi uthenga wa majini a nzika zake. Malamulowa amateteza anthu, koma poti dziko lililonse lili ndi akeake, kafukufuku wophatikiza mayiko khumi amatha kutha miyezi akungoyendetsa mapepala.

Njira imene ikukula tsopano ndi yakuti uthenga usachoke kwawo, koma funso ndilo liyende. Bungwe la Global Alliance for Genomics and Health, lokhazikitsidwa mu 2013, limakonza miyezo yothandiza makompyuta a m'mayiko osiyana kumvana. Wofufuza amatumiza funso, mwachitsanzo lakuti mwa odwala matenda akutiakuti ndi angati ali ndi chilembo chakuti. Kompyuta ya m'dziko lililonse imawerengera pa zimene ikusunga n'kubweza yankho lokha. Zili ngati laibulale imene silola buku kutuluka, koma woyang'anira amakuwerengera tsamba limene ukufuna. Njirayi imafuna kuti dziko lililonse likhale ndi makompyuta ake, magetsi odalirika ndi akatswiri ake, ndipo apa ndi pamene nkhani ya chinsinsi imakumanirana ndi ya ndalama.

Pa mbali ya tizilombo, luso lowerengera komweko lakula ndithu. Mu Marichi 2020, labotale ya Christian Happi ku Ede m'dziko la Nigeria inawerenga jinomu yoyamba ya Covid-19 mu Africa, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Africa CDC, bungwe la African Union lolimbana ndi matenda, linakhazikitsa ntchito ya madola 100 miliyoni yofalitsa lusoli m'mayiko a mu Africa. Masiku ano kuli makina owerengera majini aang'ono otha kulowa m'thumba la malaya, amene anayesedwa ku Guinea pa mliri wa Ebola mu 2015. Chovuta n'chakuti mankhwala oyendetsera makinawa amapangidwa m'mayiko ochepa, amadula, ndipo amawonongeka akachedwa panjira. Pa nthawi ya Omicron, ofufuza a ku South Africa anadandaula kuti kuletsa ndege kunadula njira yobweretsera mankhwala omwewo amene anawathandiza kuchenjeza dziko.

Zimene gawo lotsala lija likufuna kumanga

Dongosolo limene pangano la 2025 likufuna kukhazikitsa limatchedwa PABS mwachidule. Mfundo yake ikutengera ya PIP, koma pa tizilombo tonse tokhoza kuyambitsa mliri, ndipo likutchula poyera kuti zilembo za majini zili m'gulu la zogawana. Mayiko azipereka tizilombo ndi zilembo mwachangu. Makampani olowa m'dongosololi, mliri ukalengezedwa, azipatula gawo la 20 pa 100 la katemera, mankhwala ndi zoyezera zimene akupanga kuti zipite ku WHO: zosachepera theka la gawolo mwaulere, zotsalazo pa mtengo wotheka. WHO izigawa potengera kumene kuli chiopsezo ndi kusowa.

Pakalembedwe n'zosavuta. Pokachita mpamene pali mfundo zolimba. Yoyamba ndi ya kulondola: zilembo zikalowa m'nkhokwe yotsegukira aliyense, ungadziwe bwanji amene wazitenga ndi chimene wapanga nazo? Mayiko ambiri osauka ndi apakati amafuna kuti aliyense wotenga alembetse ndi kusainira udindo wake. Asayansi ambiri, mayiko olemera ndi makampani amaopa kuti kuika mlonda pakhomo lililonse kuchedwetsa ntchito imene mu Januwale 2020 inatheka m'masiku awiri. Yachiwiri ndi yakuti katemera mmodzi amatha kupangidwa poyerekeza majinomu masauzande ochokera m'mayiko ambiri, moti n'kovuta kunena kuti mwini wake ndi uyu. N'chifukwa chake phindu likuyenera kupita m'thumba limodzi m'malo mobwezera dziko ndi dziko. Yachitatu ndi ya amene ali kunja. Kampani singakakamizidwe ndi pangano limene dziko lake silinalowemo, ndipo America, kumene kuli GenBank ndi makampani ambiri opanga katemera, inalengeza mu Januwale 2025 kuti ikutuluka mu WHO ndipo sinakhale nawo pomaliza zokambiranazi.

Gawo lotsala lija likadzavomerezedwa ndi msonkhano waukulu wa WHO, panganoli lidzatsegulidwa kuti mayiko asaine, kenako dziko lililonse lidzalipititsa m'njira zake za malamulo. Lidzayamba kugwira ntchito mayiko 60 akadzalivomereza motero.